Ku Lipingo: Mwini Munda Ndani?

Basi yochokera ku Mbinga imatsika mapiri a Amatengo mokhotakhota, kudutsa minda ya khofi ndi ya ngoro, kufikira nyanja itaonekera mwadzidzidzi kumunsi. Msewu wa phula wa makilomita 66 umathera ku Mbamba Bay, likulu la boma la Nyasa lomwe linapatulidwa ku Mbinga mu 2012. Kuchoka pamenepo ndinakwera njinga yamoto kulowera kumpoto, njira ya ku Liuli, mpaka ku Lipingo.

Lipingo ndi kadera kopanikizika pakati pa mapiri ndi madzi. Usipa wayanikidwa pa mathandala, chinangwa chanyikidwa m'mitsuko, mabwato agona pamchenga. Tsidya lina ndi Nkhata Bay. Dera lotere malo olima ndi ochepa, ndipo chifikireni phula, makamakanso kuyambira mu 2024 pamene Pulezidenti Samia Suluhu Hassan anaika mwala wa maziko a doko latsopano ku Mbamba Bay, alendo ofuna malo achuluka.

Ndinafikira kwa mayi wina wachikulire, wamasiye. Madzulo tikudya nsima ya kondowole anandiuza kuti mlamu wawo anagulitsa munda wa pafupi ndi gombe kwa munthu wa m'tauni, iwo osadziwa. Wogulayo anabwera ndi pepala losainidwa ndi anthu awiri.

"Nanga inu agogo, chikalata muli nacho?" ndinafunsa.

"Mwanangu, chikalata changa ndi mango uwo. Anabzala ndi malemu amuna anga chaka chomwe boma linatisamutsira m'midzi ya Ujamaa. Funsani aliyense wa imvi m'mudzi muno."

Nkhani yawo ikukhudza funso lomwe limavuta dziko lililonse: munthu asanagule malo, atsimikiza bwanji kuti wogulitsayo ndiyedi mwini? Ku America wogula nyumba amalipira inshuwalansi yomuteteza ngati mwini wina atadzatulukira. Kampani isanavomere, imafufuza kaundula wa malowo zaka zambiri m'mbuyo. Popeza kaundula wambiri tsopano ali pa kompyuta, makampani ena amatumiza ntchitoyi kwa antchito a ku India ndi ku Philippines komwe malipiro ndi otsika. Koma zigawo zina, monga Oklahoma, zimalamula kuti mbiri ya malo itsimikizidwe ndi munthu wokhala ndi laisensi ya m'chigawomo, woti akalakwitsa aziyankha mlandu pomwepo.

Ku Lipingo wofufuza wakutali angapeze chiyani? Pafupifupi palibe. Ku Tanzania malo onse ndi a fuko, ndipo Pulezidenti amawasunga m'malo mwa nzika. Malo okhala ndi chikalata cha boma amafufuzidwa ku ofesi ya mlembi wa zikalata za malo: munthu amalipira, napatsidwa yankho lolembedwa lonena mwini wake ndiponso ngati malowo anaikidwa chikole ku banki. Koma minda yambiri ya kumudzi imayendera lamulo la malo a m'midzi la 1999, lomwe linapereka udindo wosamala malo kwa khonsolo ya mudzi ndi msonkhano wa anthu onse a m'mudzimo. Lamuloli limazindikira umwini wachikhalidwe ngakhale usanalembedwe. Kaundula wa munda wa agogo aja ali m'mitu ya anansi.

M'mawa mwake ndinacheza ndi mlangizi wina wa chitukuko pansi pa mtengo, pafupi ndi ofesi ya mudzi. Anandiwerengera zomwe amauza ogula ndi ogulitsa omwe. Kugulitsa kudziwike ku khonsolo ya mudzi. Anansi a mbali zonse aime pamalire tsiku lomwelo. Mkazi wa wogulitsa afunsidwe, pakuti lamulo la ukwati la 1971 sililola kugulitsa nyumba ya banja popanda chilolezo cha mnzako, ndipo lamulo la malo limapatsa akazi ufulu wofanana ndi amuna. Woyeza malo akhale wolembetsedwa ndi boma, osati mnyamata aliyense wonyamula foni. Mlendo wakunja sangagule munda wa m'mudzi. Amapatsidwa malo a bizinesi kudzera ku boma kokha. Chinanso, lamulo la zachilengedwe la 2004 limaletsa zomanga zokhazikika mkati mwa mamita 60 kuchokera m'mphepete mwa nyanja. Madzi atakwera kwambiri mu 2024 n'kumiza nyumba ndi malo ogona alendo m'magombe a nyanjayi, ambiri anamvetsa chifukwa chake.

"Safunsa anadya phula," anatero mlangiziyo. "Wogula uja akanangofunsa mnansi mmodzi, akanasunga ndalama zake."

Mlandu wa agogo unali utapita ku bwalo la malo la mudzi, lomwe mwalamulo limakhala ndi anthu 7, atatu mwa iwo amayi. Ntchito yake ndi kuyanjanitsa. Zikakanika, nkhani imakwera ku wodi, kenaka ku bwalo la malo la boma. Chomwe iwo akufuna mlandu ukatha ndi chikalata cha umwini wachikhalidwe, chomwe kuno amati hati ya kimila, cholembedwa dzina lawo ndi a ana awo aakazi.

Kwa ife a tsidya lino nkhaniyi si yachilendo. Lamulo la Malawi la malo a makolo la 2016 linakhazikitsa makomiti a malo m'midzi, momwe theka la osankhidwa liyenera kukhala amayi, ndipo limalola banja kulembetsa munda wake. Alangizi angathandize pokonza tsiku loyendera malire, akuluakulu akadali moyo, n'kulemba zomwe anena pamaso pa mboni.

Ponditsazika, agogo anandiperekeza mpaka pa mango uja. Unali ndi zipatso zanthete. Anandiuza kuti mboni zawo zinali zinayi, koma mmodzi anaikidwa mwezi watha.