Chikwangwani cha pachipata cha webusaiti

Mayi wina wa malo ogona alendo ku Mangochi anandiimbira foni m'mamawa, mawu ali njenjenje. "Achimwene, webusaiti yathu yasowa pa Google. Milungu itatu tsopano, palibe mlendo wofunsa za chipinda." Webusaitiyo inali yatsopano, zithunzi za nyanja zili waliwali, ndipo munthu akalemba adiresi yake inkatseguka bwinobwino. Koma wofufuza pogona ku Mangochi sankaipeza.

Pa ntchito yathuyi yokonza mawebusaiti, dandaulo lotere likafika, diso limayamba lathamangira pa kafayilo kamodzi, robots.txt. Aliyense angakaone polemba /robots.txt kumapeto kwa adiresi ya webusaiti. Anakayambitsa ndi Martijn Koster wa ku Netherlands mu 1994, nthawi imene mapulogalamu oyendayenda pa intaneti kutolera masamba anayamba kupanikiza maseva. Kwa zaka 28 anthu ankangokatsatira mwa kumvana, mpaka mu 2022 pamene malamulo ake analembedwa m'chikalata cha RFC 9309. Googlebot, mtumiki wa Google, salowa m'nyumba asanawerenge chikwangwani chimenechi.

Cha mayiwa chinali ndi mizere iwiri iyi: User-agent: * ndi Disallow: /. Kanyenyeziko kakutanthauza aliyense, kamzere kopendekekako ndiye nyumba yonse. Womanga webusaiti anailemba dala kuti Google isaone ntchito yosatha, ndipo anachita bwino. Tsiku lotsegulira ndi limene anaiwala kuifufuta. Anasiyanso chochonga m'kabokosi ka WordPress, pansi pa Settings ndi Reading, komwe kamaika mawu akuti noindex pa tsamba lililonse.

Zimenezi zinatha khofi asanazizire. Chinandigwira nthawi ndi china.

Panali tsamba lakale la mitengo ya zipinda lomwe mayiwa ankafuna lichoke, chifukwa alendo ankafika n'kumakangana ndi wapakauntala. Wina anawalangiza kuti alitseke mu robots.txt, koma linkaonekabe pa Google, ndipo Search Console, chida cha Google choonera mmene webusaiti ikuyendera, inkati "Indexed, though blocked by robots.txt". Apa ndi pamene ambiri amagwa, ngakhale anzathu odziwa ntchito. Disallow amaletsa Googlebot kulowa m'chipinda, koma samuletsa kuuza anthu kuti chipindacho chilipo ngati masamba ena akuchiloza. Mawu ouza Google kuti ichotse tsamba ndi noindex, ndipo amalembedwa m'kati mwa tsambalo. Nanga munthu amene wam'tsekera kunja awerenga bwanji kalata ili patebulo m'kati? Kale ena ankalemba noindex mu robots.txt momwemo, koma Google inasiya kumvera zimenezi pa 1 September 2019. Ndinatsegula kaye njira, kenako n'kulozetsa tsamba lakalelo ku la mitengo yatsopano ndi 301, chizindikiro chakuti tsamba lasamuka, kuti wobwera pa adiresi yakale asabwerere chimanjamanja.

Chimandipweteka mtima ndi kupeza mayina a mafoda achinsinsi atandandalikidwa mu robots.txt, mwini wake akuyesa kuti wakhoma. Kafayiloka si loko. Mapulogalamu aulemu amakamvera, akuba amakawerenga ngati mapu. Zikalata za makasitomala zimafuna pasiwedi.

Ndinayang'ananso seva. Ikamayankha 404 pa robots.txt, kutanthauza kuti fayiloyo palibe, Google imati palibe choletsa, n'kulowa. Ikamayankha 500 kapena 503, kutanthauza kuti seva yavuta, Googlebot amaima kaye pachipata, ndipo seva yofooka ikapitiriza chonchi masamba atsopano amachedwa kuoneka. Ya mayiwa inali bwino.

Ndinatumiza sitemap, mndandanda wa masamba a webusaitiyo, ku Search Console, n'kupempha kudzera pa URL Inspection kuti tsamba loyamba liunikidwenso. Google imatha kusunga robots.txt yakale mpaka maola 24, ndipo masamba ena amatenga masiku kapena milungu, choncho ndinawauza mayiwa kuti asadandaule akapanda kuona kanthu mawa lake. Anaimbabe mawa lakelo. Patapita masiku angapo ananditumizira chithunzi pa WhatsApp: dzina la malo awo lili pa Google, pansi pake mitengo yatsopano ya zipinda.