Simati, Nzeru ndi Madzi a Msimbazi

Pabwalo lina loimikapo magalimoto ku Kurasini, pafupi ndi doko la Dar es Salaam, dalaivala wina wa ku Dedza anakhala masiku asanu ndi anayi akudikira kuti thanki yake ithiridwe dizilo. Msewu wodzera ku Morogoro, Iringa, Mbeya, Kasumulu, kuwoloka Songwe, kutsika Karonga ndi kukwera Chiweta mpaka Lilongwe anali atauyenda zaka zoposa 20. Kudikira anali atakuzolowera. Chimene chinamuvuta ulendo uno chinali mwana wa mlongo wake, amene anamutenga kuti azimuthandiza panjira. Mnyamatayo anaphunzira zamagetsi, koma patatha zaka zitatu ntchito inali isanapezeke. Anabwera ndi pempho limene anali atalisunga mumtima kuchokera ku Lilongwe: amalume ake amupatse ndalama za pasipoti ndi za munthu wina amene analonjeza kumupezera ntchito m'maiko a Aluya.

Usiku wachitatu, atadya nsima imene anaphika okha pambali pa galimoto, mnyamatayo anatulutsa foni.

"Amalume, taonani kumene ndikufuna kupita. Mzinda uwu akuutcha smart city. Mulibe utsi, mulibe mizere ya magalimoto, magetsi sazima. Akufuna anthu a manja ngati angawa."

Mkuluyo anayang'ana makoma agalasi otambalala m'chipululu, nafunsa: "Simati ndiye kuti chiyani? Kwathu munthu akakhala simati ndiye kuti watchena. Mzinda wakowu watchena, ndauona. Koma ukutanthauza kuti ndi wanzeru, kapena wochenjera?"

Mnyamatayo anayamba kuyankha, kenaka anakhala chete, pakuti funsolo linali lolemera kuposa momwe linamvekera. Chichewa chimasiyanitsa zinthu ziwirizi. Kalulu wa m'nthano ndi wochenjera: amapulumuka lero, za mawa adzaziona mawa. Nzeru ndi za nkhalamba imene imaletsa ana kumanga nyumba padambo ngakhale chilimwe chauma gwa. Mawu akuti "wamakono" nawonso sakwanira, chifukwa chamakono cha lero mawa chimakhala chakale. Ngakhale mawu akuti mzinda ali ndi mbiri yake. Kwa Achewa akale, mzinda unali mudzi umene mfumu yake inapatsidwa mphamvu yochititsa chinamwali ndi gule wamkulu, ndipo ukulu wake unkayezedwa ndi udindo umene unasenza pa anthu, osati kutalika kwa nyumba.

Chimene mnyamatayo anaonetsa chinali The Line, mbali ya ntchito ya NEOM ku Saudi Arabia. Inalengezedwa mu 2021, ndipo pambuyo pake inaonetsedwa ngati mzinda wautali makilomita 170, wa makoma okwera mamita 500, wokhalamo anthu 9 miliyoni popanda galimoto ndi imodzi yomwe. Maiko a mafutawa ali ndi chifukwa chomveka chomangira zotere. Mtengo wa mgolo wa mafuta unagwa kuchoka pa madola oposa 100 pakati pa 2014 kufika pansi pa madola 30 kumayambiriro kwa 2016, ndipo chaka chomwecho Saudi Arabia inatulutsa Vision 2030, ndondomeko yoti chuma chake chileke kuima pa mwendo umodzi. Abu Dhabi inayamba kale. Mu 2008 inayamba kumanga Masdar City, mzinda umene unayenera kuyendera mphamvu ya dzuwa osaipitsa mpweya n'komwe. Lonjezo lalikululo linachepetsedwa pambuyo pake, ndipo okhalamo sanafike pa chiwerengero chimene chinalingaliridwa. Oman nayo mu 2023 inalengeza Sultan Haitham City, ya anthu 100,000, kumadzulo kwa Muscat. Vuto la zonsezi ndi limodzi: ndalama zothawira mafuta zikuchokera ku mafuta omwewo. Mtengo ukatsika, ntchito imachepa. Mu 2024 zinamveka kuti gawo la The Line loyembekezeka kutha pofika 2030 latsitsidwa kufika pa makilomita ochepa chabe. Ntchito ikachepa chonchi, woyamba kubwezedwa kwawo ndi mlendo wa manja uja.

Dalaivalayo ziwerengerozi sankazidziwa. Ankadziwa kuti mafuta amene amanyamula amabwera pa sitima zapamadzi, ambiri kuchokera m'maiko omwewo, ndipo kuti ndalama zakunja zikasowa ku Malawi anthu amagona pamizere ya mafuta, monga zinachitikira mu 2022 ndi 2024. Ankadziwanso nkhani ya amayi a ku Malawi amene anapita kukagwira ntchito za m'nyumba ku Oman, nalandidwa mapasipoti, nkhani imene BBC inaulutsa mu 2024. Pa mwambo wa kwawo, mwana wa mlongo wake anali m'manja mwake. Akatayika, funso likanabwera kwa iye monga mwini mbumba. Kukana kunali kophweka, koma kukana wopanda china chopatsa mwanayo kunali kumubweza kukakhala pakhonde ku Dedza.

"Mawa sitithira," anatero. "Udzuke m'mawa, ndikakuonetse Bongo."

Anthu a ku Tanzania amautcha mzindawu Bongo, kuchokera ku mawu akuti ubongo, omwe Chiswahili ndi Chichewa zili nawo onse. Tanthauzo lake ndi lakuti wokhala kuno ayenera kugwiritsa ntchito mutu, apo ayi agona ndi njala. Dzina lenileni ndi lachiarabu, nyumba ya mtendere. Anaupatsa ndi Sultan Majid wa ku Zanzibar, mwana wa Seyyid Said wa ku Oman, amene anayamba kuumanga m'zaka za m'ma 1860 ndi chuma cha malonda a m'nyengo imeneyo, omwe minyanga ndi akapolo anali mbali yake yaikulu. Malonda omwewo anafika mpaka kwa Jumbe ku Nkhotakota. Majid atamwalira mu 1870, ntchito inaima ndipo nyumba zake zinayamba kugumuka, kufikira Ajeremani anausandutsa likulu lawo mu 1891. Motero mzindawu unabadwa ngati loto la wolamulira mmodzi wokhala ndi thumba limodzi, ndipo unatsala pang'ono kufa naye limodzi. Unakula chifukwa cha doko, njanji ndi anthu wamba amene anabwera okha. Mu 1967 munali anthu osakwana 300,000. Kalembera wa 2022 anapeza oposa 5.3 miliyoni, ndipo ambiri mwa iwo amakhala m'madera amene anamangidwa mopanda pulani.

M'mawa anawoloka mlatho wa Nyerere, umene unatsegulidwa mu 2016 kulumikiza Kurasini ndi Kigamboni. Kutsidyako ndi kumene Dar es Salaam inayesera loto lofanana ndi la m'foni lija. Mu 2008 boma linalengeza kuti ku Kigamboni kumangidwa mzinda watsopano, ndipo eni malo anauzidwa kuti asamange kapena kukonza chilichonse podikira pulani. Anadikira zaka pafupifupi khumi, ena akukalamba m'nyumba zodontha, mpaka boma linasiya ntchitoyo. Kutsogolo, ku Dege, dalaivalayo anaonetsa mwana wa mlongo wake midadada ya nyumba zosanja za Dege Eco Village, zimene zinayambidwa ndi ndalama za thumba la penshoni la NSSF. Zinayenera kukhala nyumba masauzande. Zinaima zosamalizidwa, mawindo ali pululu, udzu utamera m'makonde.

"Izinso zinali ndi chithunzi chokongola," anatero mkuluyo. "Ndinkachiona pachikwangwani. Chikomekome cha nkhuyu."

Mnyamatayo sanayankhe. Anayang'ana mabowo m'makoma momwe mawaya a magetsi anayenera kudutsa, nawerenga m'mutu mwake miyezi ya ntchito imene inafera pamenepo.

Anabwerera pa pantoni, imene imawolotsa anthu pakamwa pa doko, natsikira ku Kivukoni. Apo anakwera basi imene anthu amaitcha mwendokasi. Njira yake yoyamba inatsegulidwa mu May 2016 ndi ngongole ya Banki Yaikulu ya Dziko Lonse: makilomita pafupifupi 21, mabasi aatali oyenda m'kanjira kawokawo pakati pa msewu wa Morogoro, pamene madaladala ndi magalimoto ena atsekerezana m'mbali. Ulendo wa ku Kimara, umene unkadya maola awiri, unatsika kufika pa mphindi pafupifupi 45, ndipo mu 2018 mzindawu unalandira mphoto ya Sustainable Transport Award. Lingaliro lake ndi losavuta: basi imodzi yonyamula anthu oposa 100 imamwa mafuta ochepa pa munthu aliyense kusiyana ndi magalimoto makumi angapo, ndiye ipatsidwe njira. Mayi wogulitsa nsomba wa ku Kimara anapindula nayo tsiku lomwelo. Komabe awiriwa anaima nthawi yaitali pasiteshoni, ndipo basi itafika analowa mopanikizana ngati matumba a makala, chifukwa mabasi anachepa pamene anthu anachuluka.

Atadutsa pafupi ndi Kariakoo, basi inatsikira m'chigwa cha Jangwani, momwe mumadutsa mtsinje wa Msimbazi. Inali nyengo ya mvula ya masika, ndipo matope anali mbali zonse. Malo osungira mabasi a mwendokasi anamangidwa m'chigwa chimenechi, ndipo kangapo madzi analowamo, kuwononga mabasi ndi kutseka msewu waukulu wolowera mumzinda. Mu December 2011 chigumula chinapha anthu ambiri, ndipo mabanja a m'chigwamo anasamutsidwira ku Mabwepande, kutali ndi malo amene ankapezera chakudya, ena anabwerera. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Mkulu aliyense wa ku Jangwani akanatha kuloza pakhoma pamene madzi anafika chaka chakutichakuti. Mu 2022 Banki Yaikulu ija inavomereza madola 200 miliyoni okonzera chigwa cha Msimbazi, kulipira tsopano chimene chikanapeweka pofunsa.

Anatsika ku Manzese, nalowa wapansi m'tinjira ta Tandale. Kumeneku ndi kumene kunachitika ntchito imene ilibe chithunzi chonyezimira. Kuyambira 2015, pa ntchito yotchedwa Ramani Huria, ophunzira a University of Dar es Salaam ndi Ardhi University anayenda ndi anthu a m'maderamo, foni m'manja, akulemba pamapu a OpenStreetMap nyumba, tinjira, ngalande, ndi malo amene madzi amafika. Madera amene pamapu akale ankaoneka ngati malo opanda kanthu anaonekera nyumba ndi nyumba. Foni inathandiza, koma chidziwitso chinachokera kwa mayi amene amadziwa ngalande yomwe imatsekeka poyamba. Apa makina ndi nkhalamba zinagwirizana, ndipo mwina mawu akuti mzinda wanzeru angayenere pamenepa.

Wowerenga wa ku Lilongwe, Lusaka kapena Tete nkhaniyi sangaione yachilendo. Lilongwe inakhala likulu mu 1975 ndi pulani ya maeriya a manambala, koma Mtandire anamera pambali pa Area 47, ndipo Lingadzi akasefukira amayambira kwa osauka. Lusaka inamangidwa m'zaka za m'ma 1930 ngati mzinda wa mitengo ndi maluwa, koma ambiri amakhala m'makomboni monga Kanyama, kumene madzi a mvula amabwera ndi kolera. Tete inatupa ndi ndalama za malasha a ku Moatize, renti inakwera, ndipo mtengo wa malasha utagwa ambiri anatsala manja lende. Konseku pulani inalembedwera anthu amene akuyembekezeredwa, pamene amene alipo kale akudzimangira okha.

Madzulo, atabwerera ku Kurasini, mnyamatayo ndiye anayamba.

"Ndamva, amalume. Koma ku Tandale sakulemba ntchito. Ku Dege ntchito inafa. Uko, ngakhale atachepetsa, akulipirabe. Ine ndidye mapu?"

Mkuluyo anakhala chete nthawi yaitali, chifukwa mwanayo sananame. Maiko a mafuta ali ndi ndalama zolakwitsira ndi kuyambanso. Dar es Salaam imabwereka, ndipo Lilongwe imabwereka kuti igule mafuta omwewo. Mnyamata wa zamagetsi wa ku Dedza amayang'ana kumene kuli ndalama monga momwe agogo ake anayang'anira ku Joni ndi ku Halale.

"Sindikukaniza," anatero pomaliza. "Koma ndalama yanga siipita kwa munthu wa pafoni amene sitikudziwa kwawo. Ubweretse pepala lolembedwa dzina la kampani, malipiro ndi tsiku lobwerera, tikalionetse ku ofesi ya zantchito. Ukapita, pasipoti izigona m'thumba mwako. Ndipo tikafika, nkhaniyi ukaiyambe wekha pamaso pa amayi ako."

"Nanga pepalalo likapanda kubwera?"

"Ndiye kuti wadziwa mtundu wa munthu amene ukanamupatsa ndalama zanga."

Tsiku lachisanu ndi chinayi thanki inathiridwa. Ananyamuka usiku, msewu usanadzaze, nadutsa Ubungo ndi Kimara pamene anthu oyamba anali atayamba kale kufola pamasiteshoni a mwendokasi. Kumbuyo kwawo kunali malita masauzande a dizilo amene ku Lilongwe ankadikiridwa ndi a minibasi, a zigayo ndi a zipatala. Atafika ku Chalinze kunja kutacha, mnyamatayo anatulutsa foni nalembera munthu uja uthenga wofunsa dzina la kampani. Pofika ku Morogoro yankho linali lisanabwere, ndipo amalume ake sanamufunse kanthu.