Mutu wa Raphaël Varane

Tili ana, wotchinga kumbuyo tinkamuyeza ndi chipumi chake. Mpira ukabwera m'mwamba, ntchito yake inali kuuwomba ndi mutu kuti ubwerere komwe wachokera, ngakhale utakhala uja wachikopa umene ukanyowa ndi mvula unkalemera ngati dzungu. Awiri akawombana mitu, wina ankathamanga ndi ndowa, kumukhuthulira madzi wagwayo, kumufunsa ngati akutiona, n'kumukankhiranso m'bwalo. Akamadzandira tinkafa nacho chikhakhali. Akapempha kutuluka, mbiri ya mantha ake inkafika kusukulu iye asanafike.

Masiku amenewo chitsanzo chathu anali anyamata akumbuyo a timu ya France. Mu 1998, pamene anatenga chikho cha dziko lonse pakwawo, wailesi yakanema ya boma inali isanayambe ku Malawi kuno, komabe mayina a Desailly, Blanc ndi Thuram anali pakamwa pa mwana aliyense. Thuram anamwetsa zigoli ziwiri pa semifainolo ndi Croatia, ndipo pamasewero 142 amene anasewerera dziko lake, zigoli zake n'zomwezo basi. Anthuwa ankakhalitsa m'bwalo: Blanc anasiya mpira ali ku Manchester United ndi zaka 37, Thuram ndi zaka 36. Ife tinkangoti matupi awo samva kuwawa.

Raphaël Varane ndiye anabwera kudzavala nsapato zawo. Anabadwira ku Lille mu 1993, anayambira ku Lens, ndipo mu 2011, ali ndi zaka 18, Real Madrid inamutenga. Sanali wamangolomera. Ankauona mpira usanafike, ali ndi liwiro, ndipo kawirikawiri ankalanda mpira kabudula wake osada. Ku Madrid anatenga chikho cha Champions League kanayi. Mu 2018 anachiphatikiza ndi chikho cha dziko lonse ku Russia, kumene pa kotafainolo ndi Uruguay anaudumphira mpira wa mnzake Griezmann n'kuupatutsa ndi mutu mpaka mu ukonde. Chigoli chimenecho ndimachikondabe, ndipo amene akufuna kuti kumenya ndi mutu kutheretu mumpira sindili nawo.

Koma mu February 2023, ali ndi zaka 29 zokha, atasewerera France ka 93, Varane anati timu ya dziko basi, masewero achuluka ndipo thupi silikupuma. Komwe timaonera mpira anthu anagwirizana chimodzi: mwana wakhuta ndalama. Mu September 2024 anasiyiratu mpira ali ndi zaka 31, bondo litamuvuta pamasewero ake oyamba ku Como ya ku Italy.

Miyezi ingapo asanasiye, analankhula ndi nyuzipepala ya L'Équipe, ndipo zimene ananenazo n'zimene Thuram ndi anzake sitinawamvepo akunena ali m'bwalo. Pa chikho cha dziko lonse cha 2014, akusewera ndi Nigeria, mpira unamumenya m'mbali mwa mutu. Anamaliza masewerowo, koma mathero ake sawakumbuka. Patangopita masiku ochepa anali m'bwalo kukumana ndi Germany. Mukukumbuka chigoli chimodzi chimene chinatulutsa France tsiku limenelo? Mats Hummels anachimwetsa ndi mutu, atamuposa mphamvu Varane yemweyo. Ife tinkamunyoza kuti ndi wofewa, osadziwa kuti munthuyo ubongo wake unali utagwedezeka. Anaululanso kuti mwana wake wamwamuna, amene nthawiyo anali ndi zaka 7, amamulangiza kuti asamamenye mpira ndi mutu. Tangoganizani: bambo amene mutu unamudyetsa akuletsa mwana wake.

Sikuti amangodandaula. Mu 2019 akatswiri a ku University of Glasgow, atafufuza mbiri za anthu amene anasewerapo mpira ku Scotland, anapeza kuti iwowa ankafa ndi matenda oononga ubongo kuposa katatu poyerekeza ndi anthu ena. Atapitiriza kafukufukuyo, zinaoneka kuti otchinga kumbuyo ndiwo ali pachiopsezo chachikulu, pamene magoloboyi sankasiyana kwenikweni ndi anthu wamba. Chifukwa chake mwina n'chakuti goloboyi amagwira ndi manja. Ku England ayamba kuletsa ana ang'onoang'ono kumenya mpira ndi mutu pamasewero, ndipo kuyambira mu July 2024 malamulo a mpira amalola mipikisano kupatsa timu mwayi wapadera wosintha wosewera amene akuganiziridwa kuti wavulala ubongo.

Ndakula n'kuona zimenezi zikusintha pakanema: oyimbira akuimitsa masewero anthu akangowombana mitu, adokotala akuthamanga, wosewera akutulutsidwa ngakhale iye akukana. Koma pabwalo lafumbi kuseri kwa sukulu ndowa ija idakalipo, ndipo masapota akadali kukuwa kuti adzuke, si mwamuna kodi.

Inu aphunzitsi a matimu a ana, ndi inu makolo amene mumaima m'mbali mwa bwalo: mwana akawombedwa kumutu n'kuyamba kudzandira, kusanza, kapena kulephera kunena kuti zigoli zili zingati, mutulutseni. Asabwererenso m'bwalo tsiku limenelo, ngakhale atalira chotani, ndipo mupite naye kuchipatala.