Batire lotupa silitchajidwanso

Kandege kanga kanagwa chamutu pabwalo la mpira Loweruka lina masana. Phiko linathyoka, ndipo mtima wanga wonse unali paphikopo. Batire ndinangolipukuta fumbi, ndinaona kuti lapindika pang'ono pakona, n'kuliponya m'chikwama. Magetsi atayaka usiku, ndinachita zimene ambiri timachita: kulumikiza chilichonse chofunika kutchaja, n'kukagona.

Chinandidzutsa ndi fungo lachilendo, lotsekemera koma loswa mphuno. Batire linali litafufuma ngati mandasi m'mafuta, likutentha, lili pamkeka pafupi ndi katani. Ndinazula tchaja, n'kulinyamula pafosholo kukalisiya panja pasimenti. Mwana wanga anali m'tulo kuseri kwa khoma lomwelo. Mpaka lero ndikakumbukira, thupi limachita tsemwe.

Mabatire a LiPo ngati langali timawakonda chifukwa ndi opepuka, koma kupepukako n'chifukwa chakuti alibe chigoba chachitsulo. Amangokutidwa ndi kathumba kofewa, ndipo m'kati mwake muli timapepala topyapyala tolekanitsa mbali ziwiri za mphamvu. Kandege kakagwa, kapepala kamodzi kakhoza kung'ambika inu osaona. Mukatchaja, pamalo ong'ambikawo pamatentha, kutenthako kumabala kutentha kwina, mpaka moto wovuta kuzima ubuke. Kupindika kumene ndinakuyesa kwakung'ono kuja kunali bala lam'kati.

Manambala ake ndi ochepa, koma sachitira munthu chifundo. Selo iliyonse ya m'batiremo imalembedwa mavolti 3.7, imadzaza pa 4.2, ndipo ikatsika kupitirira 3.0 imawonongeka. Batire la maselo atatu likadzaza limafika 12.6. Msampha uli apa: tchaja yongowerenga chiwerengero chonse ikhoza kuona 12.6 pamene selo imodzi yapyola malire, inzake yatsalira. Kapulagi koyera ka timawaya tambiri ka pabatire, kamene ndinkakasiya kakulendewera ndikamafulumira, ntchito yake ndi kulinganiza maselowo. Liwiro nalonso lili ndi muyeso: batire la 2200mAh ndimalitchaja pa 2.2A, pafupifupi ola lathunthu, ngakhale kunja kutacha bwino chotani moti mtima ukulakalaka kuulutsa.

Tsopano ndimatchajira pakhonde, pasimenti, batire lili m'kathumba kosagwira moto, ndowa ya mchenga ili pambali, ine ndili pampando. Likakhala losagwira ntchito masiku angapo, ndimalisiya pa 3.8 selo iliyonse, losadzaza komanso losatheratu. M'galimoto yoimikidwa padzuwa la Okutobala sililowamo.

Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti tindegeti tachuluka. Boma ndi UNICEF anatsegula dera loyeserera tindege totere (ma drone) ku Kasungu mu 2017, ndipo lero achinyamata akujambula nato maukwati ndi minda. Ambiri amaphunzira kuulutsa mofulumira, koma za batire amangozimva mwapatalipatali. Ndiye poti batire ndi lodula ndipo limachokera kunja, lotupa timaliumirira, timati litumikirebe kamodzi kokha. Ndikuumvetsa ululu wotaya chinthu chimene unachisungira ndalama miyezi ingapo, chifukwa langa lija ndinalitaya lisanathe chaka. Komabe mtengo wake sungafanane ndi denga la nyumba kapena moyo wa amene agona pansi pa dengalo.

Inu amene muli ndi kandege, batire likatupa kapena kupindika musalitchajenso. Ndipo magetsi akayaka usiku tulo titakugwirani, lisiyeni, mudzalitchaja mawa muli maso.