Zikhomo za Mumchenga

Ife a pa Chitakale timawadziwa madzi otsika m'phiri, ozizira ngati a ku Likhubula, koma ambiri mwa anyamata a pa madrasa pathu anali asanaonepo madzi opanda tsidya. N'chifukwa chake pamene tinagwirizana zopita nawo ku Cape Maclear pa tchuthi cha mu Ogasiti 2024, makolo sanavute kusonkha. Ntchito yolemba katundu inagwera ine, poti ndine amene ndinali ndi kope ndiponso mbiri yosaiwala mchere.

Ulendo wa makilomita oposa 300, kudzera ku Limbe, Zomba, Liwonde ndi Mangochi, sulola munthu kubwerera kukatenga mthiko. Tinayamba ndi zam'mimba: ufa, mpunga, nyemba, mbaula ziwiri, thumba la makala, masamba a tiyi a konkuno, ndi zinanazi zoti tikapatse otilandira. Mkangano wa nyama unatha msanga. Ena ankafuna tizinge mbuzi kunyumba, koma nyama yosawamba siingapirire tsiku lathunthu m'galimoto yotentha, ndipo kunyamula mbuzi popita kwawo kwa usipa ndi chambo kunationekera ngati mwano. Tinaika mikeka yoswalira, maketulo a wudhu, ndi masikito okwanira aliyense. A Shehe anatikumbutsa kuti mtunda wotere umalola wapaulendo kufupikitsa swala, ndipo anatiuza kuti kumeneko chibula chili kumpoto, kupendekera pang'ono kum'mawa. Namwino wina wa mumzikiti mwathu anawonjeza zake: madzi a m'mbali mwa nyanja kumeneko ali ndi likodzo, choncho tipewe malo a bango ndi udzu kumene nkhono zimaswana, ndipo tikabwerako ana akaonedwe kuchipatala.

Zonsezi zinali zopepuka poyerekeza ndi nkhani ya matenti. Tinalibe ndalama zogulira atsopano, ndiye tinayenda khomo ndi khomo kubwereka. Ndinadabwa kuti matenti sasowa m'dera lathu, kenaka ndinachita manyazi ndi kudabwa kwangako. Ambiri anali otsala a mu Malichi 2023, pamene namondwe wa Freddy anagumula mapiri ndi kusiya anthu oposa 500,000 m'dziko muno opanda pokhala. Akuluakulu akuno, amene amakumbukira napolo wa ku Phalombe wa 1991, anati sanaonepo madzi olusa chotero. Matenti amene tinabwereka anali ndi zigamba, ndipo ena ankanunkhabe utsi wa kumisasa.

Loweruka lina tinaganiza zoyeserera kuwakhoma pabwalo kuti tione ngati zingwe ndi mitengo zili zokwanira. Ndikulangiza aliyense wokonza ulendo wotere kuti asadumphe gawo limeneli, chifukwa tenti imodzi tinaipeza ilibe mtengo wapakati. Tili mkati motambasula, mwana wa achemwali anga, wazaka 13, anaima patali manja ali m'thumba. Nyumba yawo inagwa usiku wa namondwe uja, ndipo anakhala miyezi ingapo pamsasa wina pabwalo la sukulu. Ndinamuitana kuti agwire chingwe.

“Atsibweni, ngati kogona kwake ndi m'menemu, ine ndatsala,” anatero motsitsa mawu.

Ndinayankha mopusa, ndikuvomereza. Ndinamuuza kuti awa ndi matenti achisangalalo, ngati kuti chinsalu chimasintha fungo chifukwa choti wachipatsa dzina lina. Iye anangondiyang'ana. Usiku umenewo achemwali anandiuza zimene sindinkadziwa: kuti mnyamatayo amadzidzimukabe mvula ikagunda pamalata, ndiponso kuti anamva pa wailesi kuti chaka chimenecho nyanja yakwera n'kumiza malo ena ogona alendo ku Mangochi. Zinali zoona, ndipo ine wolemba katundu ndinali ndisanafunse n'komwe. M'mawa mwake ndinaimba foni kumalo amene tinkafuna kukagona. Anandiuza kuti mchenga wachepadi, koma chakumtunda kuli malo ouma pansi pa mitengo. Anandichenjezanso za mwera, mphepo yochokera kummwera imene imawomba m'miyezi yozizira, nati zikhomo zathu zazifupi zachitsulo, zimene zimagwira bwino m'katondo wa kuno, mumchenga zimazuka ngati chinangwa chanthete.

Nkhani ya zikhomoyi ndinaifotokoza pa chakudya chamadzulo, osalunjika kwa aliyense. Mnyamata uja anasiya kudya.

“Musakhome choimika,” anatero. “Mumange chingwe pakati pa kamtengo, mukakwirire chogona, mozama ngati mkono. Kapena mudzaze mchenga m'matumba a saka n'kuwakwirira. Ndipo khomo la tenti lisayang'ane kumene mphepo ikuchokera.”

Anaziphunzira kumsasa, nthaka itafewa ndi mvula mpaka zikhomo kumangotuluka zokha. Anatiuzanso kuti nsapato zizigona m'kati, ndi kuti tochi izikhala pamalo amodzi oti aliyense angaipeze mumdima. Palibe chimodzi mwa zimenezi chimene chinali m'kope langa. Ndinamupatsa cholembera, ndipo anawonjeza matumba a saka 20, khasu limodzi ndi chingwe china chachitali.

Za kugona sitinakambiranenso. Ndinangoika mphasa yapadera ndi bulangete lochindikala pamwamba pa katundu, ndipo ndinauza achemwali kuti akafuna kugona panja, ine ndikagona naye pambali.

Tinanyamuka titaswali Fajr, phiri lisanaonekere bwino, nkhungu ili mbuu pamwamba pa minda ya tiyi. Woyendetsa galimoto anadandaula za kulemera kwa makala, ndipo tinamuwonjezera kangachepe. Mnyamata uja anakwera pomaliza, atayendera yekha mfundo zonse za katundu wapadenga n'kumasula ziwiri zimene ndinamanga ine kuti azimangenso. Anakhala pawindo, khasu lili pakati pa miyendo, ndipo tisanafike n'komwe pa Luchenza anali atandifunsa kawiri ngati ndatenga tochi.