Mthunzi wa pa Mukuni Park

M'mwezi wa Okutobala munthu wa ku Malota amene ali ndi zochita m'tauni sadikira kuti dzuwa likwere. Ikamakwana 6 koloko amakhala ali kale panjira, mchenga usanayambe kuotcha kumapazi. Amayi osenza mabeseni a vitumbuwa, anyamata okankha mawilibala a tomato ndi kabichi kuchokera ku msika wa Maramba, alonda obwerera kunyumba maso ali psuu, onse amapatukirana m'tinjira ta pakati pa nyumba. Okwera mtundawo ambiri amakatulukira mu msewu wa Mosi-oa-Tunya, ndipo ena ulendo wawo umathera pa Mukuni Park, paki imene inabadwa chaka chimodzi ndi tauni ya Livingstone.

Mlendo akhoza kudutsa osazindikira kuti pali paki. Choyamba kuoneka ndi mzere wa timashopu ta ziboliboli, ndipo m'mawa chonchi tonse timakhala totseka. Uyenera kulowa mkati kuti uone bwalo lenilenilo: mitengo ikuluikulu, udzu umene dzuwa laupsereza mpaka kufiira, ndi njira za mitundu iwiri. Zina anaziyeza ndi chingwe anthu amene anakonza malowa. Zina ndi zachidule, zolambulidwa ndi mapazi a anthu othamangira ku ntchito. Osesa ndiwo amayamba kufika. Tsache likadutsa fumbi limakwera n'kuima, n'kusakanikirana ndi utsi wa malole olemera amene akutsikira ku mlatho wa ku mathithi a Victoria Falls, makilomita pafupifupi 10 kuchokera pano.

Mlatho umenewo ndiwo unabala zonsezi. Azungu oyamba ankakhala ku Old Drift, pa doko la m'mphepete mwa Zambezi kumtunda kwa mathithi, kumene malungo ankawapulula. Manda awo alipobe m'malo osungira nyama a Mosi-oa-Tunya. Njanji itaoloka mtsinje mu 1905, kampani ya British South Africa inasamutsira anthuwo pa chitunda cha mchenga chino, kutali ndi udzudzu. Oyeza malo analemba misewu yoongoka yopingasana, nasiya bwalo lalikulu loti pasamangidwe nyumba, n'kulitcha Barotse Centre. Dzinalo linali la ndale. Kampaniyo inkati dziko la kuno inalipeza kudzera m'mapangano ndi Lewanika, mfumu ya Alozi, kuyambira ndi pangano la Lochner la mu 1890, chikhalirecho nthaka ya ku mathithi ndi ya Aleya a mfumu Mukuni ndi anansi awo. Dzina la leroli linabwezera ulemu kwa eni ake. Mu 1907 boma la North-Western Rhodesia linachoka ku Kalomo kudzakhala kuno, ndipo kuyambira 1911 mpaka 1935, pamene linasamukira ku Lusaka, likulu la Northern Rhodesia yense linali tauni ino. Mitengo yambiri ya mango ndi ya maluwa ofiira imene imaphimba misewu yakale ndi mphatso ya nyengo imeneyo.

Cha m'ma 8 koloko maloko amayamba kulira. Uyu apereka moni m'Chitonga, "Mwabuka buti," uyo ayankha m'Chilozi, koma nkhani ikafika pa ndalama onse amatembenukira ku Chinyanja. Chilankhulochi sichinabwere dzulo kuno. Apolisi a Northern Rhodesia, amene likulu lawo linali m'tauni muno, ankachigwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku, ndipo makalaliki, ophika ndi osamalira maluwa ambiri ankachokera ku Fort Jameson, kumene lero ndi ku Chipata, ndi ku Nyasaland. Zidzukulu zawo zina ndi zimene zikutulutsa katundu m'makatoni m'mawa uno.

Katunduyo ndi wochuluka mosokoneza maso. Pali mvuu zonenepa za mtengo wa mukwa, umene Achewa amati mlombwa. Anyamalikiti aatali kuposa mwana wa sukulu. Njovu, zipembere, mbale ndi zipande. Tizithumwa ta Nyaminyami, mzimu wa mtsinje wa Zambezi mwa chikhulupiriro cha Atonga. Madengu a mizu ya makenge olukidwa ku Western Province. Zibangili za mkuwa. Ndi ndalama zakale za Zimbabwe za 100 trillion zimene zinatuluka mu 2009, zomwe lero alendo amagula kuti akaonetse anzawo kwawo. Kusema kwenikweni kumachitika kumidzi, makamaka kwa Mukuni. Pano ndi pomalizira. Munthu amakhala pa kampando, chiboliboli pakati pa miyendo, n'kumachikwecha ndi sandipepa, kenako kuchipaka polishi ya nsapato ndi kamswachi kakale mpaka chiwale. Ntchitoyi imafuna mthunzi, ndipo aliyense amadziwa mtengo umene amakhalapo.

Mmodzi wa amayi a vitumbuwa aja amayenda shopu ndi shopu.

"Amayi, ndipatseniko viwiri, ndilipira madzulo alendo akagula."

"Nanga va dzulo, atate?"

"Tiphatikiza, amayi. Simukuona basi sinabwere?"

Amawapatsa ndithu. Mayiyo akudziwa, monga aliyense pano, kuti malonda amayendera madzi. Mu Epulo ndi Meyi mathithi amakhala odzaza, utsi wake n'kumaoneka uli m'tauni. Mu Okutobala mbali ya Zambia imatsala thanthwe lokhalokha m'malo ambiri, ndipo alendo ena amaolokera ku Zimbabwe kukaona madzi, ngakhale kuti ena amabwerera dala nyengo yomweyi kudzasambira ku Devil's Pool. Pano amakumbukirabe Ogasiti wa 2013, pamene msonkhano waukulu wa bungwe la United Nations loona zokopa alendo unachitikira ku Livingstone ndi ku Victoria Falls, misewu n'kukonzedwa, tauni n'kudzaza. Amakumbukiranso 2020, pamene Covid-19 inatseka malire ndipo ziboliboli zinangokhala m'makatoni miyezi ndi miyezi.

Dzuwa likafika paliwombo, kutentha kumapitirira madigiri 35 ndipo phula limanunkha. Apa m'pamene pakiyi imaonetsa ntchito yake. Anthu amachoka m'misewu n'kudzaunjikana pansi pa mitengo. Pali mnyamata wa envelopu ya khaki amene wazungulira maofesi kufuna ntchito ndipo wavula nsapato kuti mapazi apume. Pali agogo ochokera kuchipatala, mankhwala ali m'kathumba ka pulasitiki, akudikira kuti dzuwa lipendeke asanayambe ulendo wa pansi. Oyendetsa mataxi a buluu agona m'galimoto zitseko zili pululu. Atsikana a m'timisasa totumizira ndalama pa foni abwera ndi nsima yawo m'makontena. Mthunzi umagawidwa ngati ndiwo za pa maliro: aliyense pang'ono, ndipo palibe womanidwa. Ukasuntha, anthu amasuntha nawo osalankhula, wina kukoka katoni yake, wina chitenje chake.

Ndikakhala pamenepo ndimaganiza za madzi. Tauniyi inamangidwa pa mchenga wa Kalahari, umene umameza ndowa yathunthu m'kanthawi kochepa n'kuoneka ngati sunathiridwepo. Kuti kamtengo kapulumuke chilimwe choyamba ndi chachiwiri pa nthaka yotere, pamafunika munthu woti akathirire m'mawa ndi madzulo osadumphitsa. Mbiri imene timauzidwa imatchula abwanamkubwa ndi oyeza malo, koma amene ananyamula zitini za madzi anali amuna akuda. Amuna ngati amenewo ankakankha tingolo ta pa njanji tonyamula azungu kuchokera m'tauni kupita ku mtsinje, poti mchenga unkalepheretsa kuyenda. Ankayenda ndi chitupa m'thumba, ankagula nyama ndi shuga pa kawindo ka m'mbali mwa sitolo, ndipo madzulo ankatsikira kumakomboni a kufupi ndi mtsinje wa Maramba, kumene kunalibe woyeza bwalo loti lisiyidwe. Nyumba imene bwanamkubwa ankakhala mpaka 1935, Old Government House, ikadalipo ndipo ili m'gulu la zipilala zotetezedwa ndi boma, koma yakalamba ndipo ulemerero wa pabwalo pake unapita. Chimene chatsala chamoyo pa thukuta la amuna aja ndi mthunzi uwu.

N'chifukwa chake sindigwirizana ndi amene amati malo otere ndi zotsalira za atsamunda, zosayenera kuzidandaula. Pitani ku Malota mukaone. Nyumba zinathithikana moti pabwalo pamakwana mtengo umodzi wa mango kapena wa papaya, ndipo maluwa amadzalidwa m'zitini za penti pakhomo. Ana amasewera mpira mumsewu. Pa maliro anthu amamanga tenti kutseka njira. Munthu wokhala kumeneko akafuna pokhala phee osalipira kanthu, osagula botolo la chakumwa kuti amulole kukhala pampando, malo ake ndi ano. Pakiyi ndi ya zidzukulu za amene anaithirira, ndipo zidzukuluzo zikuigwiritsa ntchito mokwanira kuposa mmene oyeza malo a 1905 akanaganizira.

Minda ina ya nthawi ya atsamunda inachita mwayi. Ku Zomba, munda wa zomera umene Alexander Whyte anayamba mu 1891 pafupi ndi nyumba ya Harry Johnston uli ndi mtsinje wa Mulunguzi wodutsa pakati pake, ndipo kuyambira 1987 uli m'manja mwa bungwe la boma loona za zomera. Ku Shiwa Ng'andu, kumpoto kwa Zambia, nyumba ndi minda ya Stewart Gore-Browne zinatsala pang'ono kutha, koma adzukulu ake anabwerera n'kuzidzutsa. Mukuni Park ilibe mtsinje, ilibenso banja. Chaka cha chilala ngati 2024, pamene Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 Febuluwale kuti dziko lili pa ngozi ndipo magetsi a ku Kariba anachepa, palibe akanayembekezera kuti madzi a m'mipope apite ku kapinga anthu akusowa akumwa.

Ine sindilira maluwa a m'mabedi kapena kapinga wobiriwira. Zimenezo zinali za nyengo imene manja anali otchipa, ndipo nyengo imeneyo isabwererenso. Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti mitengo ikuluikuluyi ndi yokalamba, ndipo yoti idzailowe m'malo ndi yochepa. Mbali ina ya paki ikugulitsa mitengo yodulidwa, mbali inayi mitengo yamoyo ikutha mphamvu. Tauni ino ikudziwa bwino kuti nkhalango imatha. Kampani ya Zambezi Sawmills inamanga njanji mpaka ku Mulobezi kuti izikoka mukusi wopangira mathabwa a pansi pa njanji ndi a m'nyumba, ndipo injini zake lero zaima ku Railway Museum. Mukusi, mukwa ndi musikili ndi mitengo ya kuno. Mukusi ndi mukwa zimaudziwa mchenga, ndipo zikagwira sizifunanso chitini cha madzi. Koma zimakula pang'onopang'ono, moti wodzala lero amadzalira mwana amene sanabadwe. Mbande zingapo chaka chilichonse, zotchingidwa bwino ndi kuthiriridwa zilimwe ziwiri kapena zitatu, si ntchito yofuna msonkhano wa mayiko. Osema ziboliboli, amene amaudziwa mtengo kuposa tonsefe, ndikhulupirira angakhale oyamba kuzisamala atapatsidwa.

Cha m'ma 3 koloko paki imadzukanso. Ana a sukulu amadutsa m'magulu, mayunifomu atatuwa ndi fumbi, ena kuima kuti agende mango osapsa m'misewu ya m'mbali. Mlaliki wina amatsegula Baibulo n'kuyamba kufuula m'zilankhulo ziwiri. Kenako basi ya ku hotela imaima, ndipo mzere wonse wa timashopu umaimirira nthawi imodzi. Alendowo ali ndi mphindi zowerengeka chifukwa boti lokaonera kulowa kwa dzuwa pa Zambezi silidikira munthu. Mitengo imatchulidwa m'makwacha ndi m'madola, imatsika, imakweranso pang'ono. Mtsikana wina wachizungu alibe ndalama zokwanira, ndipo mvuu yaing'ono ikusinthidwa ndi kapu ndi malaya. Nyamalikiti wamtali akukulungidwa m'makatoni ndi tepi kuti khosi lisathyoke m'ndege. Basi ikanyamuka, amene agulitsa amawerenga ndalama atatembenukira kukhoma, ndipo amene sanagulitse amabwerera ku sandipepa.

Mayi wa vitumbuwa amabwera ndi beseni lopanda kanthu kudzatolera zake. Ena amalipira zonse, ena theka. Sachedwa, chifukwa moto wa madzulo ukumudikira ku Malota, ndiponso nyengo ino njovu zimatuluka m'malo osungira nyama n'kulowa m'makomboni ena a m'mphepete mwa tauni, choncho anthu sakonda kuyenda mdima utagwa. Ogulitsa amabweza katundu m'makatoni, njovu pansi, zopepuka pamwamba, ndipo mlonda wa usiku wafika kale ndi jekete lake pamkono.

Shopu imodzi yokha ikadali yotsegula. Pafika bambo wachikulire wochokera kwa Mukuni ndi thumba la ziboliboli zosakwecha, zoyera, zonunkhira utomoni. Mwini shopu amazitulutsa chimodzichimodzi, kuzitembenuza, kuzigogoda ndi chala kuti amve ngati zili ndi mng'alu.

"Madala, mtengo wakwera bwanji chonchi? Mwezi watha sizinali tero."

"Mwana wanga, mukwa wa msinkhu uwu sulinso pafupi. Tikuyenda tsiku lathunthu, ndiye ngolo ya ng'ombe nayo ifuna yake."

Amakambirana kwa kanthawi, wina kuchotsa, wina kuonjezera, mpaka kugwirizana pa mvuu zisanu ndi njovu ziwiri. Zotsalazo bamboyo amazibwezera m'thumba, n'kulimanga pakamwa, n'kuthamangira galimoto yomaliza yopita kumudzi.