Mfuti ya Gogodela ndi Zolembedwa Pace

Kwathu ku Tamanda, mwini gogodela ali yense amati mfuti yace inamenya nkhondo ya Nsingu mu 1898. Ine sinditsutsa akulu, koma ndiyamba ndafunsa citsulo.

M'mbali mwa mfuti, pafupi ndi kanyundo koombera, kawiri-kawiri paoneka liu lakuti TOWER, korona, ndi malemba V.R., ndiwo a Mfumukazi Victoria amene analamulira kuyambira 1837 kufikira 1901. Musafulumire kukondwa, anzanga. Amisiri a ku Birmingham ndi Liège anali kudinda TOWER pa mfuti za malonda zomwe. Ndiponso osula athu, pokonza, amalumikiza ciwalo ca mfuti iyi ndi mpope wa inzace. Cifukwa cace penyetsetsani mpopewo. Mukapezapo ELG m'kamzere kozungulira ngati dzira, unayesedwa ku Liège m'dziko la Belgium, si ku England ai.

Mfuti za alenje olemera sizibvuta. Ziri ndi nambala, ndipo Holland & Holland a ku London asunga mabuku ochula caka ndi wogula woyamba. Gogodela alibe buku lotere. Za Nsinguzo tingomvera agogo.